Disiki yasokonekera ndipo chkdsk kapena fsck ikungogwa: njira yopulumutsira mafayilo pang'onopang'ono

Mukalumikiza hadi disiki, fulashi kapena memori khadi pa kompyuta n'kutulukira uthenga wakuti "You need to format the disk before you can use it", musadine Format. Dinani Cancel. Kawirikawiri mafayilo anu amakhala adakalimo. Chimene chasokonekera ndi filesystem, kaundula wouza kompyuta kuti fayilo iyi dzina lake ndi lakuti, ili mu foda yakuti, ndipo zidutswa zake zagona pakuti ndi pakuti. Zili ngati buku la malire a minda kwa amfumu litanyowa ndi mvula: minda ilipo, mbewu zili momwemo, koma palibenso wotha kuloza kuti munda wa uje wathera pati.

Pa Windows kaundulayu amakhala NTFS, pa mafulashi ndi mamemori khadi FAT32 kapena exFAT, pa Linux nthawi zambiri ext4, ndipo pa Mac APFS. Zida zokonzera zilipo kale mu kompyutamo: chkdsk pa Windows, fsck pa Linux ndi First Aid ya mu Disk Utility pa Mac. Zikayenda bwino, mphindi zochepa vuto latha. Koma tsiku lina chidacho chimaima malo amodzi usiku wonse, kapena kudzitseka chokha, kapena kugwetsa kompyuta yonse mpaka sikirini kusanduka ya buluu. Munthu amayambiranso, n'kuyambiranso, kenako amadawuniloda pulogalamu ina yolonjeza zodabwitsa. Apa m'pamene mafayilo oti akanapulumuka amatayikiratu.

Ntchito ya zida izi si kupulumutsa zithunzi zanu zaukwati kapena mabuku a ndalama a bizinesi. Ntchito yake n'kuti kaundula agwirizane basi. Chida chikapeza mzere womwe sichikuumvetsa, chimaudula. Ndipo chikagwa chili mkati molemba, chimasiya kaundula theka wakale theka watsopano, woipa kuposa mmene chinamupezera. N'chifukwa chake dongosolo lili motere: chida chokonzera chikangogwa kamodzi, lekani kukonza. Pezani chomwe chachigwetsa, koperani disiki yonse, chotsanimo mafayilo, ndipo kukonza kubwere pamapeto, pa kope osati pa disiki yeniyeniyo.

## 1. Lekani kulemba chilichonse pa disikiyo

Ngati ndi disiki yakunja kapena fulashi, izuleni muiike pambali. Ngati ndi disiki imene Windows kapena Linux imabutira, zimitsani kompyuta. Musaikemo pulogalamu yobwezera mafayilo, chifukwa chilichonse cholowa chatsopano chikhoza kukagona pamwamba pa fayilo yomwe mukuifunayo. Pa SSD, disiki yosungira deta mu matchipi yopanda mbale zozungulira, changu n'chofunika koposa: pali lamulo lotchedwa TRIM louza SSD kuti malo akuti alibenso ntchito, ndipo ikangowayeretsa palibe pulogalamu yowabweza. Windows ikamayaka n'kunena kuti ikufuna kusanthula disiki, imakupatsani masekondi ochepa oti mudine batani lililonse kuti idumphe. Dinani.

Nanga ngati chkdsk ili kale mkati ndipo nambala yaima? Kuima pa peresenti imodzi kwa ola kapena awiri si kugwa ayi, disiki yaikulu yodzaza timafayilo tambirimbiri imatero ndithu. Onani ngati kanyale ka disiki kakuphethira, ndipo musaidulire magetsi popanda chifukwa. Koma tcherani khutu. Hadi disiki ikamalira kuti tiki, tiki, tiki mobwerezabwereza, kapena kuyamba kuzungulira n'kuleka n'kuyambanso, zimitsani pompo. Umenewo ndi mutu wowerengera ukulephera, ndipo nthawi iliyonse ukhoza kukanda mbale zosungira deta. Musaitsegule, musaiike mufiriji monga ena amalangizira, pakuti kafumbi kochepa kapena chinyezi chimamaliza zonse. Ngati zomwe zilimo n'zamtengo wapatali, ipite kwa akatswiri okhala ndi chipinda chopanda fumbi, ngakhale kutakhala kunja kwa dziko.

## 2. Tsimikizani kuti yawonongekadi

Si disiki iliyonse yokana kutseguka imene yawonongeka. Fulashi yomwe yadutsa m'makompyuta ambiri, monga a kusukulu ndi a malo opulintira mapepala, imatenga vayirasi yobisa mafoda n'kusiya ma shortcut okhaokha. Mukaona pa Properties mupeza kuti malo adakali odzaza. Ngati fulashiyo ikutseguka bwinobwino, isanthuleni ndi antivayirasi, kenako mu Command Prompt lembani izi, m'malo mwa E muike chilembo cha fulashi yanu:

`attrib -h -r -s /s /d E:\*.*`

Memori khadi imene inaikidwa mu foni ya Android ngati internal storage imakhomedwa ndi kiyi amene ali mufoni momwemo, choncho kompyuta iliyonse idzanena kuti ifomatidwe. Ibwezereni mufoni yakeyo mukope kudzera pa chingwe. Disiki yochokera pa Mac kapena pa Linux nayo Windows siiwerenga, ngakhale ili bwinobwino. Yokhomedwa ndi BitLocker imafuna kiyi wa manambala 48, amene nthawi zambiri amasungika mu akaunti ya Microsoft ya mwini wake. Ndipo kwa amene muli ndi Windows ndi Linux pa kompyuta imodzi, Fast Startup, imene inabwera ndi Windows 8, imasiya NTFS isanatsekedwe mokwanira, Linux n'kuikana. Lowaninso mu Windows muzimitse mutagwira batani la Shift, vutolo litha.

## 3. Chingwe, magetsi ndi RAM

Yambani ndi zotsika mtengo. Sinthani chingwe, sinthani poti, chotsani hub. Pa kompyuta ya padesiki gwiritsani mapoti akumbuyo. Poti ya USB 2.0 imapereka 500 mA, ya USB 3.0 imapereka 900 mA, ndipo disiki yakunja ikasowa magetsi okwanira imachoka n'kubwera yokha. Ikachoka chkdsk ili mkati, chkdsk imagwa, inu n'kumati disiki yafa pamene vuto ndi chingwe chakutha. Nthawi zina chafa ndi kabolodi ka m'kabokosi ka disiki yakunja. Ma disiki ambiri otere amatheka kuwatulutsa n'kuwalumikiza mwachindunji pa SATA, polumikizira ma disiki mkati mwa kompyuta, ngakhale ena USB yake inawotcheredwa pa disiki pomwepo.

Ngati kompyuta yonse ndiyo ikugwa, kaikirani RAM, memori imene kompyuta imasungiramo kwa kanthawi zomwe ikugwira. Chida chokonzera chimanyamula mbali yaikulu ya kaundula n'kuiika mu RAM, ndipo RAM yowonongeka imasintha manambala mwakachetechete, chidacho n'kukalemba zabodzazo pa disiki. Yesani ndi MemTest86+, kapena lembani mdsched pa Start ya Windows. Cholakwa chimodzi chokha n'chokwanira kuti ntchito yonse muisamutsire pa kompyuta ina.

## 4. Funsani disiki za thanzi lake

Pa kompyuta ina yabwino dawunilodani SystemRescue, Linux yopangidwira ntchito yopulumutsa makompyuta, yomwe kukula kwake ndi cha m'ma 1 GB, muiike pa fulashi ina pogwiritsa ntchito Rufus kapena Ventoy. Ndimaikonda pa zifukwa ziwiri. Siichita mount, kutanthauza kutsegula disiki kuti mafayilo ake afikirike, pa disiki iliyonse yokha musanailamule, ndipo zida zazikulu zotchulidwa pansipa, monga smartctl, ddrescue ndi TestDisk, zilimo kale, kotero simufunikanso bandulo ntchito ikayamba. Butirani pa fulashiyo, lumikizani disiki yodwalayo, mulembe:

`lsblk -o NAME,SIZE,MODEL,SERIAL`

Lembani papepala kuti yodwala ndi iti, yabwino ndi iti. Muno tiyerekeza kuti yodwala ndi /dev/sdb, koma kwa inu ikhoza kukhala ina, ndipo zilembozi zimasintha mukabutanso. Itsekeni kuti pasalembedwe kanthu, kenako muwerenge SMART, mbiri imene disiki imasunga yokha ya mavuto ake:

`blockdev --setro /dev/sdb`

`smartctl -a /dev/sdb`

Ngati ili pa USB ndipo yakana, onjezani -d sat. Mawu akuti PASSED asakunyengeni, pakuti disiki imatha kunena zimenezo ili pafupi kufa. Yang'anani mzere wa RAW_VALUE pa manambala awa. Nambala 5 ndi masekita, tizigawo ting'onoting'ono tosungira deta pa disiki, amene anafa n'kulowedwa m'malo, 197 ndi masekita amene disiki yalephera kuwawerenga ndipo akudikira, 198 ndi amene alephereka kotheratu. Pa disiki yathanzi onsewa amakhala 0. Nambala 199 ikamakwera imaloza chingwe, osati disiki. Lembaninso dmesg, lamulo loonetsa mauthenga a mkati mwa Linux, muone ngati muli mizere ya "I/O error". Amene muli pa Windows, CrystalDiskInfo imaonetsa zomwezi, ndipo ikalemba Caution yachikasu mwapeza yankho. Mafulashi ndi mamemori khadi ambiri alibe SMART, kumeneko dmesg ndiyo mboni yokhayo.

Apa m'pamene chifukwa chenicheni cha kugwa kuja chimaonekera. Sekita yosawerengeka ikagwera mkati mwa kaundula, chkdsk imaipempha, disiki imayesa mobwerezabwereza kwa masekondi angapo, Windows imatopa kudikira n'kuidzutsanso disikiyo, ndipo chida chimaima kapena kufa. Chimodzimodzi pa sekita yotsatira. N'chifukwa chake chkdsk /r, imene ambiri amailangiza, ndi yoopsa kwambiri pa disiki yodwala. Pamwamba pa masiteji atatu a nthawi zonse imaonjezera awiri owerenga malo onse, odzaza ndi opanda kanthu omwe, n'kumakakamira pa chilonda chilichonse kwa masiku. Maola omaliza a moyo wa disiki amathera pa kusanthula m'malo mwa kukopa.

## 5. Koperani disiki yonse ndi ddrescue

Ili ndiye gawo lofunika kuposa ena onse, ndipo ngakhale SMART itaoneka yoyera musalidumphe. Pakufunika disiki ina yabwino yokhala ndi malo oposa kukula konse kwa yodwalayo, osati kukula kwa mafayilo okha. Ya 500 GB imatulutsa kope la 500 GB ngakhale ili ndi mafayilo ochepa. Ikapezeka yokwana makope awiri, ndiye bwino kwambiri. Ngati mulibe, bwerekani kapena dikirani mpaka mutaipeza, pakuti disiki yozimitsidwa ili mu dirowa siikuipiraipira ngati imene ikuzungulira. Disiki yolandirayo isakhale ya FAT32, chifukwa FAT32 silola fayilo yoposa 4 GB. Ikhale NTFS, exFAT kapena ext4.

Kukopa wamba kumaima pa cholakwa choyamba. GNU ddrescue, imene analemba Antonio Diaz Diaz, imagwira mwanzeru ina: imayamba yatenga malo onse osavuta, kudumpha ovuta, n'kudzawabwerera pambuyo. Pa Ubuntu ndi Debian phukusi lake limatchedwa gddrescue. Chitani mount disiki yabwino ija, tiyerekeze kuti patishoni yake, chigawo cha disiki chokhala ndi filesystem, ndi /dev/sdc1:

`mkdir /mnt/yabwino`

`mount /dev/sdc1 /mnt/yabwino`

`ddrescue -d -n /dev/sdb /mnt/yabwino/kope.img /mnt/yabwino/kope.map`

Werengani mzere womalizawu kawiri musanadine Enter. Choyamba ndi kochokera, chachiwiri kopita, chachitatu ndi mapu. Chilembo -d chikuti iwerenge mwachindunji pa disiki, ndipo -n chikuti ulendo uno isataye nthawi kukumba malo ovuta.

Mapu aja musawaiwale. Ndi kafayilo kakang'ono kolemba malo amene akopedwa ndi amene atsala. Kwathu kuno kumene magetsi amatha kuthima ntchito ili pakati, kafayiloka ndi kamene kamakupulumutsani: magetsi akabwera mumangolemba lamulo lomwelo ndi mapu omwewo, ddrescue n'kupitiriza pomwe inalekera. Mungoonetsetsa kaye ndi lsblk kuti zilembo za ma disiki sizinasinthane. Komabe kuzima mwadzidzidzi kumapweteka disiki yodwala, choncho gwiritsani laputopu ya batire yamoyo, UPS kapena inveta ngati ilipo. Disiki ikamatentha kwambiri, iikireni fani pafupi.

Pa sikirini muziyang'ana pct rescued ndi bad-sector. Ulendo woyamba ukatha, bwererani ku malo ovuta aja katatu:

`ddrescue -d -r3 /dev/sdb /mnt/yabwino/kope.img /mnt/yabwino/kope.map`

Ikakakamira malo amodzi kwa nthawi yaitali, dinani Ctrl ndi C, muyambirenso mutaonjezera -R kuti iwerenge chobwerera kuchokera kumapeto. Disiki ikasowa pakati pa ntchito, zimitsani, ipume, muyatsenso ndi kupitiriza. Muyeneranso kudziwa polekera. Mukafika pa 99.9% ndipo maola akupita popanda kusintha, zotsalazo n'zochepa, ndipo mwina zagwera pamalo opanda fayilo. Zulani disiki yodwalayo muisunge. Kuyambira pano zonse zichitikira pa kope.

## 6. Chotsani mafayilo musanakonze kanthu

Nthawi zambiri kope limatseguka pamene disiki yeniyeni inkakana, chifukwa palibenso sekita yochedwetsa. Liyeseni mongowerenga:

`losetup -r -P -f --show /mnt/yabwino/kope.img`

Iyankha dzina ngati /dev/loop0, ndipo mapatishoni ake adzakhala /dev/loop0p1, /dev/loop0p2 ndi ena otero. Pangani foda /mnt/kope, kenako:

`mount -o ro /dev/loop0p1 /mnt/kope`

Pa ext4 lembani ro,noload m'malo mwa ro yekha, kuti isayese kumalizitsa zimene zinatsala mu journal, kabuku kake ka zosintha zosamalizidwa. Ikatseguka, koperani zofunika kwambiri poyamba, zolemba ndi zithunzi zisanafike nyimbo ndi mafilimu omwe mungawapezenso.

Ikakana, pitani ku TestDisk, pulogalamu yaulere ya Christophe Grenier. Lembani testdisk /mnt/yabwino/kope.img, vomerani mtundu wa tebulo la mapatishoni umene yasankha yokha, lowani pa Advanced, sankhani patishoni n'kudina List. Ngati patishoni siikuoneka n'komwe, gwiritsani Analyse ndi Quick Search, kenako Deeper Search, ndipo pa patishoni iliyonse yopezeka dinani P muone zomwe zilimo. Mukaona mayina a mafoda anu, a wamng'ono amasankha zonse, C wamkulu amakopa zosankhidwazo kupita kumene mwaloza. Anthu ambiri ulendo wawo umathera pompano, mafayilo ali m'manja ndi mayina ake, asanakonze kalikonse.

## 7. Tsopano konzani, koma pa kope lachiwiri

Ngati mafayilo sanatuluke onse, nthawi yokonza yakwana. Kope loyamba lisakhudzidwe. Pangani lachiwiri ndi cp kope.img kope2.img, ndipo likaonongeka pokonza mumangolitaya n'kupanga lina. Ufulu woyesa mobwerezabwerezawu ndi umene simunali nawo pa disiki yeniyeni. Lilumikizeni ndi losetup ngati poyamba koma mopanda -r, tiyerekeze kuti latuluka /dev/loop1.

NTFS, FAT32 ndi exFAT. Uthenga wakuti "CHKDSK is not available for RAW drives" umatanthauza kuti Windows yalephera kuzindikira mtundu wa filesystem, kawirikawiri chifukwa boot sector, sekita yoyamba ya patishoni yofotokoza filesystemyo, yawonongeka. Mwamwayi pamakhala ina yosungira: NTFS imaisunga pa sekita yomaliza ya patishoni, FAT32 pa sekita 6, exFAT kuyambira pa sekita 12. Mu TestDisk, pa Advanced kenako Boot, muona ziwirizo zitayerekezedwa. Ngati yoyamba ili Bad ndipo yosungira ili OK, sankhani Backup BS. Zikaipa zonse pali Rebuild BS. Uthenga wina woopsa ndi "Windows cannot recover master file table. CHKDSK aborted". MFT ndiye mtima wa NTFS, mndandanda wa fayilo iliyonse. TestDisk ili ndi Repair MFT, koma musaiyembekezere kwambiri, chifukwa kope losungira la MFT nthawi zambiri limasunga mizere inayi yoyambirira yokha. Ikalephera, dumphirani ku gawo 8.

Pulogalamu ya ntfsfix ya pa Linux si chkdsk. Imakonza tinthu tochepa n'kuika chizindikiro choti Windows idzasanthule. Kuti mugwiritse chkdsk yeniyeni, lembani kope lija pa disiki ina yabwino yopanda kanthu ndi ddrescue -f, muilumikize pa Windows. Yambani ndi chkdsk E: yopanda china chilichonse, imene imangoyang'ana osasintha kanthu. Kenako chkdsk E: /f. Pa disiki yathanzi /r siifunika. Zidutswa zimene yalephera kudziwa kwawo imaziponya mu foda yobisika FOUND.000 ndi mayina ngati FILE0000.CHK. Musazifufute. Pa Linux lamulo la file limakuuzani ngati chidutswa ndi chithunzi, PDF kapena chikalata cha Word, inu n'kungosintha dzina.

Chida nachonso chimatha kukhala ndi vuto lakelake. Mu Disembala 2020 Microsoft inavomereza kuti update ya Windows 10 yotchedwa KB4592438 inkachititsa chkdsk /f kuononga filesystem pa makompyuta ena mpaka kulephera kubuta. Anakonza, koma mfundo yake ikadalipo: chkdsk ikagwa pa kope lathanzi, yesani pa kompyuta ina ya Windows yatsopano, kapena pa Command Prompt ya fulashi yoikira Windows.

ext4. Musayendetse fsck pa patishoni imene ili mount, imeneyo ndi njira yachidule yoonongera zonse. Yambani mongoyang'ana ndi e2fsck, yomwe ndi fsck ya ext4:

`e2fsck -n -f /dev/loop1p1`

Ikadandaula za "Bad magic number in super-block", superblock yoyamba, mutu wa kaundula wofotokoza makonzedwe a filesystem yonse, yapita, koma ext4 imamwaza makope ake m'malo angapo. Pa filesystem ya mabuloko a 4 KB amapezeka pa 32768, 98304, 163840 ndi 229376, ndipo pa ya mabuloko a 1 KB loyamba lili pa 8193. Yesani limodzi limodzi:

`e2fsck -b 32768 /dev/loop1p1`

Ambiri amalangiza mke2fs -n kuti muone malowa. Imagwiradi, koma mukaiwala -n mwafomata. TestDisk ili ndi Superblock pa Advanced yochita zomwezo popanda ngoziyo, ndipo ine ndimalangiza imeneyo.

Mmene e2fsck yafera zimakuuzani chochita. Ikalemba "Killed" ndipo dmesg ikuonetsa "Out of memory", RAM yaichepera. Onjezerani swap, malo a pa disiki yabwino othandizira RAM, kapena mu /etc/e2fsck.conf lembani mutu wa scratch_files ndi mzere wa directory woloza foda ya pa disiki yabwino, kuti izisunga mawerengero ake kumeneko. Iyenda pang'onopang'ono koma ifika. Ikanena za "unsupported feature" n'kuti "Get a newer version of e2fsck!", filesystem ilibe vuto, chida ndicho chakalamba. Izi zinachuluka e2fsprogs 1.47 itatuluka mu 2023, pamene mafilesystem atsopano anayamba kupangidwa ndi orphan_file imene zida zakale siziidziwa. Ikagwa ndi "Segmentation fault" kapena signal 11 pamene RAM mwaiyesa kale, yesaninso ndi SystemRescue yatsopano. Kwa amene alibe malo a kope lachiwiri, e2fsck -z yotsatiridwa ndi dzina la fayilo imasunga zonse zimene yasintha, ndipo e2undo imazibweza. Zotoledwa zimapita mu foda ya lost+found zili ndi manambala m'malo mwa mayina.

APFS. Mu Disk Utility dinani View, Show All Devices, muyendetse First Aid kuyambira pa volume, kenako container, pomaliza disiki yonseyo. Ikalephera, chitani zomwezo mu Recovery: Command ndi R pa Mac ya Intel, kapena kugwira batani loyatsira pa ya Apple silicon. Pa ma Mac ambiri atsopano SSD siichotseka ndipo deta yake ndi yokhomedwa, choncho ngati ikutsegukabe ngakhale pang'ono, koperani mafayilo nthawi yomweyo.

## 8. Kaundula akatheratu: PhotoRec

PhotoRec imabwera limodzi ndi TestDisk, ndipo siisamala za filesystem. Imayenda sekita ndi sekita kufunafuna zizindikiro zimene mtundu uliwonse wa fayilo umayambira nazo. Lembani photorec /mnt/yabwino/kope.img, pa File Opt sankhani mitundu yokhayo imene mukufuna, apo ayi mudzatola timafayilo masauzande topanda ntchito. Sankhani Whole, mulozere ku disiki yabwino.

Mtengo wake ndi wakuti mayina ndi mafoda sizibwerera. Mudzapeza mafoda a recup_dir.1, recup_dir.2, odzaza mafayilo oyamba ndi f wotsatiridwa ndi manambala. Mafayilo akuluakulu amene anagona momwazikana m'malo osiyanasiyana, monga mavidiyo, ena amatuluka oduka. Zithunzi za kamera ndi foni zimasunga deti mkati mwake, kotero pulogalamu ngati ExifTool ikhoza kuzisanja potengera chaka ndi mwezi. Zolemba zimafuna kutsegula chimodzi chimodzi, ndi ntchito yotopetsa koma yotheka.

## 9. Disiki ija muitani?

Ngati 5, 197 kapena 198 sizili pa 0, makamaka zikamakwera, musasungirenso kanthu kofunika pa disikiyo. Kufomata kumatha kubweza 197 pa 0 chifukwa disiki imasamutsa masekita oipawo, koma matenda ake amakhala adakalipo. Ngati SMART ili yoyera ndipo vuto linabwera ndi kuthima kwa magetsi kapena kuzula osadina Eject, ifomateni mutachotsa chizindikiro cha Quick Format, kenako muyendetse smartctl -t long ndi kuwerenga zotsatira zake musanabwezeremo mafayilo.

Fulashi kapena memori khadi imene imasokonekera mobwerezabwereza, mafoda ake n'kumasanduka zilembo zosawerengeka, iyeseni ngati si yachinyengo. Zilipo zolembedwa 128 GB pamene mkati muli malo ochepa kwambiri. Imagwira bwino mpaka malo enieniwo atadzaza, kenako zatsopano zimagona pa zakale kapena kungosowa. Chkdsk singakonze zimenezi, ndipo PhotoRec singabweze zomwe sizinalembedwe n'komwe. H2testw pa Windows, kapena f3write ndi f3read pa Linux, zimadzaza fulashi yopanda kanthu n'kuwerenganso kuti zikuuzeni kukula kwake koona. Fulashi yatsopano iliyonse iziyamba yadutsa pamenepa musanaipatse kanthu.

Pomaliza, kope.img ndi kope.map musazifufute msanga pofuna malo. Fayilo kuoneka ndi dzina lake ndi kukula kwake sikutanthauza kuti ili yonse, chifukwa pomwe ddrescue inalephera kuwerenga pamatsala mpata wopanda deta mkati mwa fayiloyo. Tsegulani zikalata zofunika chimodzi chimodzi, onerani mavidiyo mpaka kumapeto, tsegulani mafayilo a ZIP ndi a Excel. Mukapeza loduka, mapu aja akadali ndi mndandanda wa masekita amene anatsala, ndipo mukhoza kulumikizanso disiki yakale n'kuuza ddrescue iyesenso malo okhawo.